Zojambula za ku Chipata ndi Katete

Amalawi ambiri amaidziwa Chipata ngati malo okaodako katundu kapena podutsira popita ku Lusaka. Koma chigawo chakummawa kwa Zambia ndi kwa abale athu enieni. Ukangodutsa pa Mchinji n'kulowa pa Mwami, mayi wogulitsa mtedza amakulonjera m'chilankhulo chako, ndipo mfumu yaikulu ya Achewa onse, Kalonga Gawa Undi, imakhala ku Mkaika m'boma la Katete. Ine chimandikopa kwambiri kumeneko ndi dzanja la ojambula ake.

Muone zikwangwani za malo ometera tsitsi cha ku msika wa Kapata. Wojambula amalimbikira pa kametedwe: mzere wa pachipumi wowongoka bwino, ndevu zosadzidwa ngati pa chithunzi cha kamera, chifukwa kasitomala aloza pomwepo n'kuti "mundimete chonchi". Koma mutuwo amaukulitsa dala, maso n'kuwatuzula, kumwetulira kufika m'makutu ngati pa katuni ya m'nyuzipepala. Ena amati n'kusadziwa ntchito. Ine ndikukana. Chimene akugulitsa wachijambula moona, ndipo chokokomezacho n'choimitsa munthu amene akudutsa pa njinga.

Luso limeneli silinabwere ndi penti wa m'sitolo. Pa thanthwe la Katolola, kufupi ndi Chipata, pali ntchefu yojambulidwa kalekale, thupi lake looneka ngati nyama yeniyeni, ndipo m'mapanga ena a m'derali muli zojambula zoyera, zopakidwa ndi chala, za zinthu zotambasula miyendo zomwe sizifanana ndi nyama iliyonse ya m'tchire. Amene anafikako ku Chongoni ku Dedza, malo omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, azindikira msanga kuti ndi banja limodzi. Zoyerazo akatswiri amazigwirizanitsa ndi chinamwali, ndipo n'zomveka: namkungwi sankafuna chithunzi chokongola, ankafuna chizindikiro choti namwali asaiwale mwambo.

Koma pachimake pake ndi pa Kulamba, mwambo wa kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika ndi magule awo. Simoni, chilombo cha Gule Wamkulu, akalowa m'bwalo, aliyense amaona mzungu: mphuno yosongoka, tsitsi, ngakhale kayendedwe. Komabe nkhopeyo ndi yofiira psu, kuposa mzungu aliyense amene anapsapo ndi dzuwa la mu Okutobala. Anthu amaseka chifukwa amuzindikira, ndipo ali mkati moseka, nyimbo yadzudzula kale khalidwe lina la m'mudzi. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la mayiko atatu onsewa.

Achinyamata athu ojambula mabuku a ana ku Lilongwe ndi Blantyre amafunafuna zitsanzo pa intaneti, kwa ojambula a ku Japan ndi America. Ndikadakonda atakweranso basi ya ku Chipata m'mwezi wa Kulamba, kope ndi pensulo zili m'chikwama. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa maola ochepa chabe.