Kodi mumadziwa? Za ndalama zochitira kafukufuku kunja

Kodi mumadziwa kuti thumba la Fulbright linayamba ndi zotsala za kunkhondo? Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, katundu wa asilikali a America anali mbwee m'maiko akunja. Mu 1946 lamulo limene anabweretsa phungu J. William Fulbright linalola kuti ndalama zogulitsa katunduyo zizilipirira ophunzira. Lero wa ku America wofuna kukachita kafukufuku wakewake kudzera m'thumbali nthawi zambiri amafunsidwa kalata yochokera kumene akupitako, yonena kuti akamlandira. Nalo bungwe la DAAD la ku Germany, lomwe linayamba mu 1925, limafuna kalata ya pulofesa amene wavomera kukuyang'anirani. Choncho ntchito yeniyeni imayamba fomu isanatuluke: kupeza pulofesayo, kuwerenga zimene analemba, n'kumulembera mwachidule funso limene mukufuna kuyankha. Kalata imodzi yomwazira anthu makumi asanu imadziwika, ndipo kawirikawiri siyankhidwa.

Kodi mumadziwa kuti mungathe kuchita PhD pa yunivesite ya kwanu, koma n'kukakhala miyezi 12 ku Britain? Bungwe la Commonwealth Scholarship Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1959, lili ndi thandizo lotere kwa amene analembetsa kale digiriyo kwawo. Kwa munthu wa pabanja ndi pantchito, ine ndimaona kuti njira iyi ndi yabwino kuposa kusamukiratu zaka zitatu.

Thandizo la Beit Trust ndi la anthu a maiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ndi chuma chimene anasiya Alfred Beit, mponda matiki wa migodi amene anamwalira mu 1906.

Koma bungwe la Wenner-Gren la ku New York silifunsa dziko limene mukuchokera. Limapereka mpaka madola 25,000 kwa ophunzira PhD ofufuza za chikhalidwe ndi chiyambi cha anthu.

Nanga mumadziwa kuti ndalama zili m'manja mutha kubwezedwabe? Maiko ambiri amafuna chilolezo cha kafukufuku padera pa viza. Ku Tanzania chimachokera ku COSTECH, ku Kenya ku NACOSTI, ndipo mlendo wobwera kuno ku Malawi amayenera kudzera ku NCST kapena makomiti ounika kafukufuku. Makomitiwa sakhala tsiku lililonse, ndiye miyezi imatha munthu akudikira. Wofuna kutuluka ndi mbewu, tizilombo kapena masamba a mitengo ya mankhwala ali ndi chipata china: pangano la Nagoya la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014, limati dziko la eni ake livomereze kaye, ndipo phindu ligawidwe.

Wopita ku Britain kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi kuchokera ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amayamba wayezetsa TB pa chipatala chovomerezeka ndi boma la Britain. Nazonso n'zolipira, ziikeni pa bajeti.

Bajetiyo ilembeni m'ndalama za kumene mukupita. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwacha a tikiti ya ndege anadzuka ndalama zosakwana.