Ndege zodutsa pamwamba pa Mandimba: kuzizindikira, kuzijambula, ndi pamene pali malire

MANDIMBA – Kunja kukayera m'miyezi ya chisanu, anthu a ku Mandimba, ku Massangulo m'boma la Ngauma ndi ku Cuamba amaona kanthu konyezimira kakudutsa kumwamba kwenikweni, kakusiya mzere woyera ngati wa choko pa bolodi. Ana amasiya mpira n'kuyamba kuloza. Akuluakulu amangokweza maso pang'ono n'kupitiriza ntchito. Koma m'maiko ambiri muli anthu amene ndege ikadutsa sakhutira ndi kuiona chabe. Amafuna kudziwa mtundu wake, mwini wake, kumene yachokera ndi kumene ikupita, ndipo akatha amaijambula ndi kulemba nambala yake m'kope. Chizolowezichi pa Chingerezi amachitcha plane spotting, ndipo ochichita, ngakhale ku Maputo ndi ku Lisboa, amatchedwa ma spotter.

Tsopano popeza achinyamata ambiri ali ndi foni zojambula, funso likubuka kunonso: kodi munthu angajambule ndege popanda kugwa m'mavuto?

Kumene zinayambira

Chizolowezichi chinakula ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Anthu wamba odzipereka, a m'gulu la Royal Observer Corps, ankaphunzitsidwa kusiyanitsa ndege za kwawo ndi za adani poona kaumbidwe ka mapiko ndi pomva kulira kwa injini. Nkhondo itatha, ambiri sanasiye. Anayamba kuima kunja kwa mipanda ya mabwalo a ndege ndi makope awo, ndipo lero zithunzi zawo amaziika pa intaneti, pamene anzawo a maiko ena amaziona ndi kuziyerekeza ndi zawo.

Ndege iliyonse ili ndi matrícula

Monga galimoto, ndege ili ndi matrícula yake, yolembedwa chakumchira ndipo nthawi zambiri kunsi kwa phiko. Izi zimatsata pangano limene maiko anasainirana ku Chicago mu 1944. Zilembo zoyamba zimanena dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Za Moçambique zimayamba ndi C9, za Malawi ndi 7Q, za Tanzania ndi 5H, za Zambia ndi 9J, za Kenya ndi 5Y, za South Africa ndi ZS, za Ethiopia ndi ET, ndipo za Portugal ndi CS. Kuno kwathu kaundula wa ndege ali m'manja mwa Instituto de Aviação Civil de Moçambique, IACM.

Matrícula imaulula zimene penti imabisa. Ndege ikhoza kunyamula anthu a LAM koma kumchira kwake kutalembedwa ZS, kutanthauza kuti ndi yobwereka ku South Africa. Kampani ya ndege ya dziko la Malawi itayamba maulendo mu 2014, ndege zake zinali ndi zilembo za ET, chifukwa zinachokera ku Ethiopian Airlines, imene ili ndi gawo m'kampaniyo.

Matrícula ndiyonso imasunga mbiri. Ndege ya mtundu wa Tupolev Tu-134 imene inagwa ku Mbuzini pa 19 Outubro 1986, ikuchokera ku Mbala m'dziko la Zambia, n'kupha Mtsogoleri Samora Machel ndi anthu ena 34, inali C9-CAA. Ndege ya LAM ya mtundu wa Embraer 190 imene inagwa ku Namibia pa 29 Novembro 2013 ili pa ulendo wa ku Luanda, ndi anthu 33, inali C9-EMC. Amene anaijambulapo ndegeyi isanagwe amadziwa kuti ndi yomweyo chifukwa cha zilembo zisanuzo.

Mabwalo ali pafupi

Kuchokera ku Mandimba, mabwalo awiri odziwika ali pa msewu wa N13, lina kumpoto, lina kummwera chakummawa, lililonse pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Ku Lichinga ndi kumene kumatera ndege za LAM zonyamula anthu. Wina akayang'ana pa tikiti kapena pa kapepala komata pa chikwama amapeza zilembo VXC. Zilembozi ndi zotsalira za dzina la nthawi ya atsamunda, Vila Cabral. Bwalo la ku Cuamba lili ndi zilembo FXO, zochokera ku dzina la Nova Freixo. Pa nkhondo yomenyera ufulu, asilikali a ndege a Chipwitikizi anali ndi malo awo pamenepo, otchedwa Aeródromo Base nº 6. Lero ku Cuamba sikutera ndege kawirikawiri ngati ku Lichinga.

Kupatula ndege zikuluzikulu, m'chigawo cha Niassa mumadutsa tindege ta injini imodzi, monga Cessna Caravan, timene timanyamula madokotala, amishoni, alendo ndi ogwira ntchito yosamala nyama kumpoto kwa chigawochi. Mumadutsanso mahelikopita, makamaka nthawi ya kusefukira kwa madzi ndi ya maulendo a akuluakulu a boma.

Kuzindikira ndi maso ndi makutu

Ozolowera amayamba ndi zinthu zitatu: pamene pali mapiko, pamene pali injini, ndi maonekedwe a mchira. Boeing 737 ili ndi mapiko kunsi kwa thupi ndi injini ziwiri zolendewera pa mapikowo. Embraer 145 ndi yaitali, yowonda, injini zake zili kumbuyo pafupi ndi mchira. Bombardier Q400 mapiko ake ali pamwamba pa thupi, ili ndi mapulopela awiri, ndipo kulira kwake ndi kwa besi, kosiyana ndi mluzu wa jeti.

Ndege zosiya mzere woyera zija sizikhala zikutera ku Niassa. Zimauluka pa mtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 850 pa ola. Munthu akajambula mzere wowongoka pa mapu kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Johannesburg, kapena kuchokera ku Addis Ababa kukafika ku Maputo, mzerewo umadutsa kufupi ndi kummwera kwa nyanja ya Niassa. N'chifukwa chake dera lopanda bwalo lalikulu limaona ndege zikuluzikulu.

Amene amaimva ndege koma osaiona nthawi zambiri amayang'ana polakwika. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Kuti lichoke pa makilomita 11 kufika pansi pamatha masekondi oposa 30, ndipo pa nthawiyo ndege imakhala itapita kutsogolo makilomita 7 kapena kuposerapo. Choncho maso ayenera kusaka kutsogolo kwa kumene phokoso likumveka.

Usiku, nyale yofiira imakhala ku phiko lamanzere, yobiriwira ku phiko lamanja, ndipo pamakhala zina zophethira. Kanyenyezi koyenda mwakachetechete kosaphethira kawirikawiri kamakhala satelaiti.

Mzere woyera si mankhwala

Mvula ikachedwa, pamamveka mphekesera zoti ndege zikupopera mankhwala othamangitsa mitambo. Zoona zake n'zakuti mafuta a ndege akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi. Kumwambako kumazizira kufika madigiri 40 kunsi kwa zero, mwinanso kuposa, ndiye nthunziyo imaundana pomwepo n'kusanduka tizidutswa ta ayezi. Ndi chimodzimodzi mpweya wotuluka m'kamwa m'mamawa wa mwezi wa Junho ku Lichinga. Mzere ukazimirira msanga, ndiye kuti mpweya wa kumwamba ndi wouma. Ukakhalitsa n'kumatambasuka, ndiye kuti kumwambako kuli chinyezi. Mitambo ya mvula imapangika mwa njira yake, mzerewo sungailetse.

Zimene foni ingathe

Ndege zambiri za masiku ano zimaulutsa zokha uthenga wonena pamene zili, kutalika kwake ndi liwiro, kudzera m'njira yotchedwa ADS-B. Timakina tolandira uthengawu tili m'nyumba za anthu odzipereka padziko lonse, ndipo timautumiza ku masamba monga Flightradar24, limene linayambitsidwa ndi anthu awiri okonda ndege ku Sweden mu 2006. Munthu wokhala ndi mamega ochepa akhoza kutsegula mapu, kupeza Mandimba, kudina kandege kali pafupi, n'kuona kampani, mtundu ndi kumene ikupita.

Si ndege zonse zimene zimaoneka pamenepo. Za asilikali nthawi zambiri zimabisidwa, tindege tina takale tilibe chipangizocho, ndipo m'madera amene muli timakina tolandira tochepa, ndege youluka m'munsi imasowa pa mapu. Kusaoneka pa foni sikutanthauza kuti ndegeyo ndi yachinsinsi kapena ya zigawenga.

Pa kajambulidwe, foni singathe kugwira bwino ndege ili pa makilomita 11. Kukoka chithunzi ndi zala kumangochiwononga. Chithunzi chabwino chimapezeka ndege ikamatera kapena kunyamuka, dzuwa lili kumsana kwa wojambula, m'mamawa kapena chakumadzulo. Miyezi ya Maio mpaka Julho ndiyo yabwino, chifukwa pofika Setembro ndi Outubro utsi wa moto wolusa m'tchire umaphimba mlengalenga. Ozolowera amalembanso tsiku, ola, malo ndi mbali imene ndege imalowera.

Pamene pali ngozi

Apa ndi pamene pafunika nzeru. Mu Novembro 2001, anthu 14 okonda ndege, 12 a ku Britain ndi awiri a ku Holland, anamangidwa ku Kalamata m'dziko la Greece atapezeka ndi makope odzaza manambala a ndege za asilikali. Anakhala m'ndende milungu yoposa isanu. Mu Abril 2002 bwalo lamilandu linawapeza olakwa pa milandu yokhudza ukazitape, ndipo pafupifupi onse anayeretsedwa pa apilo mu Novembro chaka chomwecho. Kwa iwo anali masewera, kwa asilikali unali mlandu.

Kuno nkhaniyi ndi yosachedwa kuvuta. Kuyambira mu Outubro 2017 dziko lili pa nkhondo ndi zigawenga ku Cabo Delgado, ndipo chakumapeto kwa 2021 chiwembu chinafika m'boma la Mecula, m'chigawo chino. Msilikali kapena wapolisi akaona munthu wosamudziwa akujambula bwalo la ndege, sangaganize za chizolowezi cha ku Ulaya. Ku Mandimba palinso chipata cha m'malire cholowera ku Chiponde, ndipo malo otero sajambulidwa mwachisawawa.

Choncho wofuna kujambula ayambe wapempha kwa oyang'anira bwalo, amene pa mabwalo akuluakulu ndi a kampani ya boma ya Aeroportos de Moçambique, ndipo ayende ndi BI yake. Ndege, mahelikopita ndi nyumba za asilikali azisiye. Akauzidwa kuti asiye, asiye osalimbana. Asadumphe mpanda kapena kudutsa pa msewu wa ndege, ngakhale anthu a m'deralo atazolowera kudulirapo popita kumunda. Pulopela ikamazungulira sioneka, ndipo ndege ikamatera singakhote kuti ipewe munthu kapena mbuzi. Kuulutsa drone kumafuna chilolezo cha boma, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege ndi koopsa. Kuwalitsa laser kapena tochi yamphamvu pa ndege kukhoza kuchititsa woyendetsa khungu pa nthawi yovuta kwambiri.

Pali tsiku limene diso la munthu wamba limafunika. Pa 10 Junho 2024 ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inasowa itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dzikolo, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Pa kusaka kotere, munthu wokhoza kunena ola limene anamva ndege, mbali imene imalowera, ndiponso ngati injini imalira bwino, amathandiza kuposa mphekesera zambiri. Woona ndege ikuuluka m'munsi mosazolowereka, ikufuka utsi wakuda kapena itatera kutchire, akanene msanga kwa mfumu ya m'deralo kapena ku komando ya PRM ili pafupi, asanaike chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp.