"Sorry" wathu ndi wa Azungu ndi mmodzimodzi?

Pa mawu onse a Chingerezi amene analowa m'makomo mwathu, ndikuona ngati "sorry" ndi amene sachoka pakamwa. Mwana akapunthwa, mayi akapsa ndi phala, wina akagunda mutu pokwera minibasi, tonse timakuwa kuti "sorry, sorry!" chonsecho sitinalakwe kanthu. Ameneyu ndi "pepani" wathu yemwe uja, wovala jekete chabe.

Koma afunseni abale athu amene ali ku UK. Mzungu akagwetsa kapu, iwe n'kuti "sorry", nthawi zambiri amakuyankha kuti wolakwa si iwe. Wamva ngati ukuvomera mlandu. Komatu eni akewo amawatchula pafupipafupi. Pofuna kudutsa m'sitima yodzaza, "sorry". Akapanda kumva zomwe wanena, "sorry?" mofunsa, ndiye kuti "mwati chiyani?" Akayamba ndi "sorry, but", ungodziwiratu kuti chomwe wapemphacho chakanika. Timagwirizana nawo pa maliro ndi pa matenda, pomwe nawonso amapepesa popanda kulakwa.

Ine sindiona kuti katchulidwe kathuka n'kolakwika. Mawuwa anachokera ku "sarig" wa Chingerezi chakale, ndipo tsinde lake ndi limodzi ndi la "sore", kutanthauza chopweteka kapena chilonda. Poyambirira penipeni, wonena mawuwa ankatanthauza kuti zamupweteka mumtima. Si zomwe timachita ifezi?

Nkhani imakula ikafika pa milandu. Munthu akagunda galimoto ya mnzake, kapena dokotala zikamuvuta pa wodwala, amaopa kupepesa kuti angamugwire pakamwa kukhoti. N'chifukwa chake ku England lamulo la Compensation Act la 2006 linanena kuti kupepesa pakokha si kuvomera kulakwa. Chigawo cha Ontario ku Canada chinakhazikitsanso lamulo lotere mu 2009. Tangoganizani, mpaka aphungu kukhala pansi kuti anthu azitha kunena "pepani" mosaopa!

Ku Australia mawuwa anavuta dziko lonse. Kwa zaka zambiri boma linkalanda ana a Aaborijini kwa makolo awo. Nduna yaikulu John Howard anakana kupepesa m'dzina la boma, ndipo mu 1999 anangonena za "regret", kudandaula chabe. Mabanja aja anadikira mpaka pa 13 February 2008, pomwe Kevin Rudd anaimirira m'nyumba ya malamulo ku Canberra n'kutchula "sorry" mobwerezabwereza, anthu ambiri akulira panja.