Khutu ku Nyimbo, Maso kwa Ovina

Ambiri akaona DJ atavala mahedifoni, akugwiragwira timabatani, amati munthuyu akudya ndalama zaulere. Sadziwa kuti pa nyimbo za house munthuyo amatha maola angapo akulumikiza nyimbo ina ndi inzake, ovina osazindikira pamene yatha ndi pamene yayamba.

Ntchitoyi inakulira ku Chicago, m'dziko la America, kumene Frankie Knuckles ankavinitsa anthu pamalo otchedwa Warehouse kuyambira mu 1977, ndipo ambiri amati dzina loti house linachokera pamenepo. Masiku amenewo DJ ankasenza mabokosi a malekodi. Lero nyimbo zikwizikwi zimakwana m'kafulashi ka m'thumba.

Ng'oma ya house imagunda mosadumpha, kawirikawiri ka 120 mpaka ka 128 pa mphindi imodzi. Pamene nyimbo ina ikulira m'masipika, DJ amakhala akumvetsera yotsatira ndi khutu limodzi, kuifulumiza kapena kuigwira pang'ono mpaka ng'oma ziwirizo zigwere pamodzi. Amawerenga chamumtima, kudikira poyambira ndime, kenako amatsitsa besi ya nyimbo yakale n'kukweza ya yatsopano, chifukwa mabesi awiri akakumana chimamveka ndi chiphokoso chabe. Akaphonya, ng'omazo zimalimbana ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi koma osamvana, ndipo ovina onse amacheukira kwa iye.

Makina amakono ali ndi batani lolinganiza ng'oma lokha. Chimene makina sangathe ndi kuwerenga ovina posankha nyimbo. Apa m'pamene pagona luso. DJ wotsegulira usiku, anthu akungofika kumene, amayenera kudzigwira: akatulutsa nyimbo zotentha nthawi isanakwane, watsekera njira mnzake wobwera pambuyo. Wa pakati pa usiku amayang'ana mapazi ndi nkhope. Akaona anthu ayamba kusunthira kokagula zakumwa, amasiya zimene anakonza kunyumba n'kufunafuna yowabweza. Wotsekera amawatsitsa pang'onopang'ono kuti apite kwawo atakhuta.

Ku South Africa house inapeza kwawo kwachiwiri. DJ wa kumeneko, Black Coffee, dzina lake lenileni Nkosinathi Maphumulo, anavulala mkono wamanzere pa ngozi mu 1990, ndipo amagwira ntchitoyi ndi dzanja limodzi. Mu 2010 anaimbitsa nyimbo kwa maola 60 ku Soweto, ndipo mu 2022 analandira mphoto ya Grammy.

Koma otere ndi owerengeka. Ambiri masana ali pa ntchito ina, nyimbo amagula ndi ndalama zawo, tulo n'tochepa, ndipo phokoso limawononga makutu. Choncho mukadzavina mpaka mbandakucha osamva kutopa, dziwani kuti panali wina amene anakuwerengani usiku wonse. Mumuombereko m'manja.