Galimoto Ikanunkha Chopserera pa Chikweza

Inu amene mumanyamula chimanga kapena mtedza pa galimoto yakale, mudziwa kuti chikweza cha ku Golomoti kapena cha ku Chiweta si chamasewera. Mukafika pamwamba ndi kumva fungo la chinthu chopserera, imani pambali, zimitsani injini, ndipo ikani mwala kuseri kwa tayala.

Kawirikawiri wolakwa ndi kilatchi. Fungo lake ndi lowawa m'mphuno, longa la mabuleki otentha. Chizindikiro chake ndi ichi: injini ilira kwambiri koma galimoto siionjezera liwiro. Ndiye kuti mbale ya kilatchi ikuterereka, ndipo ikupsa chifukwa cha kukhulana. Zotere zichitika pamene dalaivala akwera phiri ndi giya yaikulu, phazi lili pa kilatchi, matumba atasanjikizana mpaka kumwamba. Lowetsani giya yoyamba kapena yachiwiri musanayambe chikweza, ndi kuchotseratu phazilo. Kuli bwino kusiya matumba awiri adzatengedwe ulendo wina, pakuti kilatchi yatsopano idya ndalama zoposa mtengo wa matumbawo.

Ngati pansi pa boneti patuluka utsi wabuluu, oyilo akudonthera pa paipi yotentha ya utsi. Nthunzi yoyera ndi madzi owira. Musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini isanazizire, pakuti madziwo adzakuwaulani kumaso. Fungo la mphira ndi lamba wa fani wokhwefuka.

Koma likakhala fungo la pulasitiki, mawaya akupsa. Onse atsike msanga, kuyambira ana, kenaka masulani waya wa batire. Galimotoyo isayendenso kufikira makaniko ataiona.