Kale Padi Yomanga ndi Tepi, Lero Kompyuta Yodzimangira Yekha

Ku Chilomoni, m'nyumba ya mlongo wanga, munali kabokosi kakuda kamene kankakhala pansi pa TV ya pabalaza, pakati pa dekoda ndi maluwa a pulasitiki. Kanali ka PlayStation 4, mtundu woyambirira uja umene Sony inatulutsa mu 2013, ndipo pamene kankafika m'manja mwa mphwanga, mwana wa mlongo wangayo, n'kuti katatumikira kale m'makomo ena. Tangokaonani m'maganizo: m'makona monse mokalikakalika, pamwamba pali chipsera cha kapu ya tiyi imene wina anaikapo ikadali yotentha, timipata totulukira mpweya titatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala. Akakayatsa, fani ya m'kati inkayamba mwaulemu, kenako n'kukweza mawu, n'kukwezanso, mpaka wophika kukhitchini ankadziwa kuti gemu yafika povuta.

Padi ndiye inali ndi mbiri yakeyake. Raba ya pa timitu tiwiri toyendetsera inali itatha kalekale, chala chinkangoterereka pa pulasitiki. Kamutu kakumanzere kankayenda kokha, moti munthu wa mu gemu ankanyamuka ulendo popanda womutuma. Chingwe chochajira chinali chomangidwa ndi tepi yakuda ya amagetsi, ndipo chinkagwira ntchito pokhapokha chikapindidwa mwanjira inayake imene mwini wake yekha ankaidziwa. Mlendo akangochikhudza, kagetsi ka pa padi kankathima, mpira n'kuima pakati pa bwalo.

Chuma chake chonse chinali zimbale zitatu: FIFA, God of War ndi Grand Theft Auto V. Malo osungira anali 500 GB basi, choncho gemu yobwereka kwa mnzake ikabwera, ina inkayenera kufufutidwa, mtima ukuwawa. GTA V ikamatseguka, mnyamatayo ankapita kukathira madzi m'ketulo n'kubwera kudzapeza isanamalize. Kusewera ndi anthu a kutali pa intaneti kunkalira ndalama ya PlayStation Plus, imene nthawi zambiri inkakhala itatha. Ndipo TV inali ya banja lonse. Nthawi ya nkhani ikakwana, bambo ake ankangotsokomola n'kunena kuti, "Iwe, tazimitsa zakozo tione za dziko." Gemu inkathera pomwepo, kaya chigoli chinali pafupi bwanji.

Komabe kabokosiko ankakakonda, ndipo kanali koyenera kukondedwa. Kanamulera bwino. Sikankamufunsa mafunso: kulowetsa chimbale, kukhala pa mkeka, kusewera. Console ili ngati nyumba ya lendi. Umaipeza yofolera kale, zitseko zili m'malo mwake, umangolowa n'kuyala mphasa, koma sungagumule khoma kapena kuwonjezera chipinda. Mphwanga sankadziwa n'komwe kuti mtima wake ukufuna puloti yakeyake.

Anadziwira kwa mnzake wina wa kukoleji, amene ankasewera Counter-Strike 2 pa kompyuta. Mphwanga anabwerako madzulo maso ali tong'o. "Malume," anatero, "ine ndaona zina. Zithunzi zake sizidumpha ayi, zimangoyenda myaa. Ndipo gemuyo ndi yaulere." Kuchokera tsiku limenelo, kope lake la masamu linayamba kudzaza ndi mayina achilendo ndi mitengo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anagwira maganyu openta nyumba, anaphunzitsa ana a pulayimale masana, anasiya kugula tchipisi cha pamsewu. Pomaliza anagulitsa PlayStation ija pamodzi ndi zimbale zake. Padi yokha wogulayo anaikana, ndiye inatsala m'dirowa. Zipangizo zinkabwera chimodzichimodzi, n'kumasungidwa pamwamba pa wadiropu: purosesa ya AMD Ryzen 5 5600, tizidutswa tiwiri ta RAM ta 8 GB kalikonse, ka SSD ka 1 TB kotalika masentimita 8 okha, motherboard, bokosi logawa magetsi, ndi chikesi chokhala ndi galasi mbali imodzi. Mtima wa zonsezo, graphics card ya Radeon RX 6600, unabwera ndi bambo ake aang'ono amene amayendetsa thiraki ya ku Johannesburg. Anaukulunga m'bulangete n'kuugoneka kuseri kwa mpando ulendo wonse.

Tsiku lomanga, tebulo lodyera linasanduka galaja. Mphwanga anasamba m'manja, anayala zonse mwadongosolo, foni ili chiimire pa botolo la shuga ikumuonetsa kanema wa kamangidwe. Purosesa anaigwira m'mbali ndi zala ziwiri, chifukwa kunsi kwake kuli timinga tagolide tambirimbiri, ndipo kamodzi kakapindika ndiye kuti ndalama za miyezi zapita. Analunzanitsa kachizindikiro ka makona atatu ndi kanzake ka pa motherboard, n'kuitsitsa osakankha. RAM inafuna mphamvu kuposa mmene ankaganizira, mpaka timano ta m'mbali titatseka tokha. Tizingwe ta batani loyatsira, tating'onoting'ono tija, tinamutulutsa thukuta. Dzuwa likupendeka, anamanga sikuluwu yomaliza, banja lonse litaima momuzungulira.

Anadina batani. Mafani anazungulira, timagetsi tinayaka. Koma monita ili bii. Pabalaza panangoti zii. Anazimitsa, anayatsanso, koma mdima womwewo. Amayi ake anagwira pakamwa. Mnyamatayo anagwada kuseri kwa chikesi ndi tochi, ndipo m'pamene anaona kuti chingwe cha HDMI anachilowetsa m'mwamba, pa motherboard. Purosesa imeneyi ilibe mbali yotulutsa zithunzi payokha, zithunzi zonse zimachokera pa khadi lija, m'munsi. Anachizula, anachilowetsa pamalo pake, n'kudinanso. Sikirini inangoti ngwee! Mlongo wake wamng'ono analumpha, amayi ake anaimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pazenera. Usiku womwewo anaika Windows kuchokera pa fulashi, kenako madiraiva a khadi lija, ndipo sanagone mpaka tambala woyamba.

Lowani m'chipinda chake lero muone. Pakona pamene kale pankaunjikana nsapato ndi makatoni pali desiki yosalala ya kalipentala wa m'dera lomwelo. Pamwamba pake paima chikesi chakuda, galasi lake lili mbee, m'kati zingwe zitamangidwa bwinobwino, kuwala kobiriwira kukuyenda pang'onopang'ono m'mafani. Kale phokoso linkafika kukhitchini; lero uyenera kusendeza khutu kuti udziwe ngati makina ayaka. Kale ankakhala pa mkeka khosi lili m'mwamba, akuyembekeza kutsokomola kwa bambo ake. Lero ali pa mpando wake, mahedifoni kumutu, ndipo bambowo akuonera nkhani zawo mwamtendere.

Nanga GTA V ija? Anaigulanso, chifukwa chimbale cha PlayStation sichisewera pa kompyuta, ndipo zonse zimene anasunga zinapita ndi kabokosi kaja. Anayambira pachiyambi, koma sanadandaule, popeza Los Santos wa mu gemuyo amene anamulandira anali mzinda wina. Pa PS4 gemuyi inkayenda zithunzi 30 pa sekondi. Pano inadutsa 60 osavutika n'komwe. Galimoto ikakhota, misewu sinkachita chizirezire. Kale ketulo inkadzaza gemu isanatseguke. Lero SSD simupatsa mpata woti adzuke pa mpando.

Chodabwitsa china chinabwera patapita masabata. Monita yake ndi ya 144 Hz, koma Windows inali itaisiya pa 60, ndipo iye ankaganiza kuti kukongola konse ndi komweko. Atakalowa m'masetingi n'kusintha nambalayo, anangogwedeza mausi n'kuyamba kuseka yekha. Pa zithunzi 30, chilichonse chimakhala pa sikirini mamilisekondi pafupifupi 33. Pa 60 chimakhala 17. Pa 144 chimangokhala 7. Diso limaona kusiyanako, ndipo dzanja limakumva. "Malume, tabwerani mudzayese," anandiitana. Ndinayesa, ndipo ngakhale kamuvi ka mausi kankaoneka kuti kakusambira.

Si zonse zinabwera ndi nthungululu. Kiyibodi inamuchititsa manyazi poyamba. Mnyamata amene ankagonjetsa anzake onse pa padi anapezeka akugunda makoma, akusakasaka W, A, S ndi D ndi maso, akuponya bomba pamene amafuna kutsegula chitseko. Chala chaching'ono chinkaphonya Ctrl n'kudina batani la Windows, gemu n'kuzimiririka pakati pa nkhondo. Anazindikiranso kuti pa console magemu ambiri owomberana amathandiza padi kuloza mdani mwakachetechete, pamene mausi imakusiya wekha ndi dzanja lako. Anagonja, anagonjanso, mkono unawawa. Kenako tsiku lina zala zinasiya kufunsa maso. Lero muoneni: dzanja lamanzere likuvina pa mabatani, lamanja likutembenuka kamodzi n'kuima ndendende pamene akufuna. Ndipo popeza Valve, kampani yopanga Counter-Strike 2, ili ndi maseva ku Johannesburg, chipolopolo chake sichichita kuzungulira ku Ulaya chisanafike.

Masetingi nawo poyamba ankamuopsa. Console inkamusankhira zonse, koma apa panali mndandanda wautali wa mithunzi, udzu, kuwala, kunyezimira kwa madzi ndi mtunda umene diso lifike. Pang'onopang'ono anaphunzira kuti mithunzi imadya mphamvu zambiri, ndipo ukaitsitsa pang'ono gemu imathamanga osataya kukongola. Lero gemu yatsopano ikabwera, amayamba wakhala m'masetingi akuyesa uku ndi uku, nkhope ili mwee, ndipo nthawi imeneyo amaiwerengera ngati mbali ya masewerawo.

Shelefu ya zimbale zitatu ija inasanduka laibulale. Steam, sitolo ya Valve imene inatsegulidwa mu 2003, imatsitsa mitengo kangapo pa chaka, makamaka chapakati pa chaka ndi nyengo ya Khrisimasi, ndipo gemu ikapanda kukusangalatsa amakubwezera ndalama ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunaisewere maola opitirira awiri. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse. Dota 2 salipira. Kusewera magemu ambiri pa intaneti sikulira ndalama ya mwezi ndi mwezi kupatula ya intaneti yomweyo. Ngakhale God of War wake uja, amene anatuluka pa PlayStation mu 2018, anafika pa kompyuta mu 2022, ndipo anakumananso mwachisangalalo. Mphwanga anaphunzirapo kuti magemu ena amachedwa kufika kuno, monga mmene GTA V inatulukira pa console mu 2013 koma pa kompyuta mu 2015, ndipo wa kompyuta amayenera kudziwa kudikira.

Kale PS4 yake sinkatha kuwerenga ngakhale chimbale cha PS3. Lero akusewera Age of Empires II, gemu ya mu 1999 imene inakonzedwanso mu 2019, akumanga mizinda ya ufumu wa Mali ndi wa Ethiopia. Anapezanso ma mod, zosintha zimene osewera eni ake amapanga n'kugawana. Skyrim ya mu 2011 anaiveka nkhalango zatsopano ndi thambo latsopano mpaka inaoneka ya dzulodzuloli. Atamva kuti Counter-Strike yeniyeniyo inayamba mu 1999 ngati mod ya Half-Life, yopangidwa ndi osewera wamba, anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye kuti nanenso ndingathe."

Bambo aang'ono aja atabweranso, anawakhazika pa mpando n'kuwatsegulira Euro Truck Simulator 2. Munthu amene wayendetsa thiraki yeniyeni zaka zambirimbiri anatuluka mu Berlin n'kulowa mbali yolakwika ya msewu, nyumba yonse n'kufa ndi phwete. Anapempha kuti awasamutsire ku Britain, kumene amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo kumeneko anabweza ngolo m'mbuyo mwaluso loti achinyamata onse anawomba m'manja. Nsima inazizira patebulo.

Nyumba yako umaisamala wekha, ndipo mphwanga anavomera udindowo ndi manja awiri. Magetsi atathima koyamba ali pakati pa gemu, anathamangira kukasunga ndalama za UPS, kabokosi ka batire kamene kamamupatsa mphindi zingapo zoti azimitse makina bwinobwino. Magemu ena amaposa 100 GB, ndiye amadikira bandulo ya usiku, kapena amakopera mafayilo kwa mnzake n'kusiya Steam iwatsimikize, malinga gemuyo anaigula. Gemu ikakana kutseguka sakhalanso kakasi. Amayang'ana madiraiva, amawerenga uthenga wa vutolo, amafufuza. Akakumana ndi obera pa intaneti amawanenera n'kulowa gemu ina. Mwezi ndi mwezi amatsegula galasi lija n'kupukuta fumbi ndi kaburashi kofewa.

Kusintha kwakukulu kuli pa mnyamatayo. Amene kale ankaopa kumasula sikuluwu imodzi anatulutsa padi yokanidwa ija m'dirowa, anaitsegula, anasintha kamutu koyenda kokha, anaika raba yatsopano ndi chingwe chatsopano. Steam inaizindikira nthawi yomweyo, ndipo magemu a mpira ndi a magalimoto amaseweranso ndi iyo. Masana mlongo wake amalembera ntchito za kusukulu pa kompyuta yomweyo, ndipo iye wayamba kuphunzirirapo kukonza makanema. Aneba akubwera ndi malaputopu awo odwala, ena n'kusiya kangachepe.

Loweruka lapitali tebulo lodyera linasandukanso galaja. Mnzake wa m'dera lomwelo anabwera ndi makatoni ake, manja akunjenjemera, ndipo mphwanga ndiye anali mmisiri, sikuludiraiva m'dzanja, akulangiza modekha kuti purosesa sakankha, koma RAM imafuna mphamvu. Atafika pa chingwe cha monita, anamugwira mnzakeyo dzanja n'kuseka mokweza. "Amwene, m'munsimo, pa khadipo! Tsopano dinani batani, amayi akonzeka kale ndi nthungululu."