Mkaka Wosasa Sataya: Chakumwa cha ku Turkey Chimene Tingapange kwa Champiti

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuŵa limaswa mtengo m'midzi ya kwa Champiti m'boma la Ntcheu, ndipo mkaka wokamidwa m'maŵa sufika madzulo usanasase. Pakhomo pamene palibe firiji, mkaka wotere nthaŵi zina umathera kwa agalu. Chonsecho ana a pakhomo pomwepo amabwera kuchokera kusukulu kukhosi kuli gwa, ndipo makolo amataya ndalama kugula zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimene sizimanga thupi. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lero m'gawo lathu lino tilandira mlendo wochokera ku Turkey, amene akutiphunzitsa kuti mkaka ukasasa mwadongosolo umasanduka chakumwa chopha ludzu ndi chomanga thupi.

Chakumwa chimenechi eni ake amachitcha ayran. Muli zinthu zitatu zokha: yogati wosathira shuga, madzi ozizira ndi mchere pang'ono. Ndi chakumwa chakale kwambiri, pakuti dzina lake likupezeka m'buku lomasulira mau a zilankhulo za Aturuki limene Mahmud al-Kashgari analemba cha m'ma 1070. Makolo a anthu ameneŵa anali oŵeta ziŵeto oyendayenda m'madera a pakati pa Asia, ndipo iwonso analimbana ndi vuto lathu lomweli la kusunga mkaka kopanda chouziziritsira. Masiku ano ayran amagulitsidwa m'malesitilanti ndi m'masitolo a ku Istanbul ndi ku Ankara, ndipo tauni ya Susurluk inatchuka chifukwa cha ayran wa thovu lambiri. M'chaka cha 2013 Recep Tayyip Erdoğan, amene panthaŵiyo anali nduna yaikulu, anachitcha chakumwa cha fuko lawo. Ku Iran kuli mbale wake wotchedwa doogh, ndipo ku India kuli lassi wothira mchere.

Tsono munthu wa ku Ntcheu asaganize kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo kotheratu. Angoni a kwa Maseko, amene anachokera kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, anali anthu a ng'ombe, ndipo mkaka wosasa, umene m'chilankhulo chawo unkatchedwa amasi, unali chakudya cholemekezeka. Ankathira mkaka m'chipanda ndi kuusiya masiku aŵiri kapena atatu mpaka utagwirana. Chambiko chimene timagula m'mapaketi m'magolosale ndi chamtundu womwewo. Chimene anzathu a ku Turkey anaonjezapo ndicho kusungunula mkaka wogwiranawo ndi madzi ndi kuukoleretsa ndi mchere, kotero kuti chakudya cha munthu mmodzi chimasanduka chakumwa cha anthu aŵiri.

Aphunzitsi a sayansi angakonde kufotokozera ana awo chimene chimachitika m'kati mwa poto. Mumkaka muli shuga wotchedwa lactose. Tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timadya shuga ameneyu ndi kutulutsa asidi. Asidiyo ndiye amachititsa kuti mkaka ugwirane ndi kuŵaŵasa, ndipo amalepheretsanso tizilombo tambiri toononga chakudya kuti tisaswane msanga. Mu yogati mumagwira ntchito mitundu iŵiri, Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus. Mtundu woyambawo anautulukira Stamen Grigorov wa ku Bulgaria m'chaka cha 1905 pamene ankaphunzira zaudokotala ku Geneva. Mitundu imeneyi imakonda kufunda kwa madigiri 42 mpaka 45, pamene tizilombo ta chambiko timagwira ntchito m'kutentha wamba kwa m'nyumba, ndipo n'chifukwa chake chambiko chimatenga masiku pamene yogati amapsa m'maola ochepa. Popeza gawo lina la shuga uja limakhala litadyedwa kale, akuluakulu ambiri amene mimba zawo zimabwadamuka akamwa mkaka wamba savutika kwenikweni ndi mkaka wosasa.

Nanga kapangidwe kake n'kotani? Poyamba tsukani poto, supuni, makapu ndi mpukuso, ndipo muzitsire madzi oŵira. Sefani lita imodzi ya mkaka ndi kansalu koyera, kenaka muuŵiritse uku mukutakasa kuti usapserere pansi. Pano pasakhale kuchita ulesi, chifukwa mkaka wauŵisi ungathe kufalitsa chifuŵa chachikulu cha ng'ombe ndi nthenda ya brucellosis, ndipo kusasa pakokha sikutsimikiza kuti tizilombo ta matenda ameneŵa tafa. Mkaka ukaŵira, tereni poto ndi kudikira kuti uzizireko. Ngati mulibe choyezera kutentha, sambani m'manja ndi sopo ndi kuviika chala chaching'ono. Mukatha kuŵerenga mpaka khumi chala chili momwemo osapsa, koma mukumvabe kufunda, ndiye kuti nthaŵi yakwana.

Apa thiranimo masupuni aakulu aŵiri a yogati wa kusitolo wosathira shuga kapena zipatso. Ameneyu ndiye mbeu yanu. Takasani pang'ono, vundikirani poto, ndi kumukulunga m'bulangete, kenaka muike pamalo pofunda pamene sipafika mphepo. Musiyeni osamugwedeza kwa maola 6 mpaka 8. Amene amavundukula poto kaŵirikaŵiri pofuna kuona ngati zatheka amathaŵitsa kutentha, mkaka n'kukhala madzimadzi. Yogati wopsa bwino amagwirana ngati phala lozizira ndipo amanunkhira koŵaŵasa kosanyansa. Musaiŵale kupatula masupuni aŵiri m'kabotolo koyera, pamalo pozizira, kuti akhale mbeu ya tsiku lotsatira. Mbeu ikayamba kufooka kapena kusintha fungo, gulani ina.

Ntchito yotsala ndi ya mphindi zochepa. Thirani makapu aŵiri a yogati m'bakuli, onjezani kapu imodzi ya madzi oŵiritsa amene azizira, ndi mchere wa ayodini wotapa kaŵiri ndi zala zitatu. Tengani mpukuso, womwe uja amayi amapukusira phala, ndi kupukusa mpaka mibulu yonse itatha ndipo pamwamba patabwera thovu. Kumidzi ya ku Turkey ankakhutchumula yogati m'chiŵiya cholendeŵera chotchedwa yayık. Ife tingathe kukhutchumula m'botolo loyera lotsekeka bwino. Laŵani, ndipo ngati chakumwa chalimba onjezani madzi, pakuti ena amakonda muyeso wofanana wa yogati ndi madzi. Kumene yogati wa mbeu sapezeka, chambiko chingaloŵe m'malo, ngakhale kuti kakomedwe kamasiyanako. Chambiko cha m'paketi chimakhala chamadzimadzi kale, choncho madzi achepe. Kuti chakumwa chizizire, imikani botolo mumtsuko wa madzi pamthunzi, kapena likulungeni ndi chiguduli chonyowa pamalo popita mphepo.

Ena adzafunsa kuti, mchere mumkaka ngwachiyani? Munthu akamalima kapena kuyenda padzuŵa amataya madzi ndi mchere m'thukuta, ndipo chakumwa chimenechi chimabwezera zonse ziŵiri, n'kuonjezapo mapuloteni omanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Komabe mchere usapyole muyeso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiko kuti pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Odwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi achepetse mcherewo kapena ausiyiretu. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha basi. Mwana wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi kupita naye kuchipatala, pakuti ayran si mankhwala. Ndiponso pakhomo popanda firiji chakumwachi chimwedwe tsiku lomwelo. Chikachita nkhungu, chikasintha mtundu kapena kununkha, chitayidwe.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito, taŵerengani masamu aŵa: lita imodzi ya mkaka imabala pafupifupi lita imodzi ya yogati, ndipo mukathira madzi mwa muyeso tanena uja mumapeza lita imodzi ndi theka ya chakumwa, yokwanira makapu 6. Yambani ndi a pabanja panu ndi anansi, muone ngati malilime awo akugwirizana ndi mchere mumkaka, chifukwa ambiri a ife tinazoloŵera kuthira shuga m'chambiko. Wofuna kugulitsa pamsika ayambe wafunsa alangizi a zaumoyo a m'dera lake za malamulo a kagulitsidwe ka zakudya.

Kwa inu aphunzitsi, phunziro ili silifuna labotale. Gaŵani mkaka woŵiritsa m'mabotolo aŵiri, thirani mbeu monsemo, limodzi mulikulunge m'bulangete ndipo linalo mulisiye poyera. Poŵeruka ana adzaona okha kusiyana kumene kutentha kumabweretsa, ndipo tsiku limenelo mau akuti mabakiteriya adzachoka pabolodi ndi kuloŵa m'kapu. Mlungu wamaŵa m'gawo lomwe lino tidzakamba za kakamidwe kaukhondo, kuyambira m'khola mpaka mkaka kufika pamoto.